Kasokedwe ka m'ma 1950 kabwerere, koma lamulo la kavalidwe lisabwerere

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa za madiresi amene atsikana ndi amayi ambiri ayamba kuwakonda masiku ano, aja ogwira m'chiuno n'kutambalala kumunsi ngati a m'zaka za m'ma 1950. Ndine telala, ndimasokera pakhonde la sitolo ina kuno ku Zomba, ndipo ntchitoyi ndinaiphunzira kwa azakhali anga amene ankasoka pa Singer yopukusa ndi dzanja. Nyengo ya maukwati ndi zinkhoswe ikafika, ambiri obwera kwa ine amayamba atulutsa foni: "Amayi, ndikufuna ngati iyi." Pachithunzipo pamakhala mzimayi wachizungu womangika m'chiuno, atavala magolovesi ndi kachipewa kopendekeka pamutu. Ine zimandisangalatsa, chifukwa madiresi amenewa ndi amene amaonetsa ngati munthu amadziwadi kusoka. Koma pali zimene tikuphonya, osokafe ndi ovala omwe, ndiponso pali ena amene akupezerapo mwayi pa fashoni imeneyi kuti atibwezere kumene tinachoka.

Tiyambe tadziwa kumene zinachokera. Pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse nsalu inkasowa ku Ulaya. Ku Britain kuyambira 1941 munthu ankagula zovala ndi makuponi, ndipo boma linafika poika malire pa kuchuluka kwa mabatani ndi matumba pa chovala chimodzi. Madiresi anali ofika m'maondo, owongoka, mapewa otukuka ngati yunifolomu ya asilikali. Kenako mu February 1947 Christian Dior wa ku Paris anaonetsa zovala zosiyana kotheratu: mapewa ozungulira, chiuno chomangika, siketi yaitali yodya nsalu yambirimbiri. Anazitcha New Look. Si onse amene anaombera m'manja. Ku Britain makuponi a zovala anatha mu 1949, choncho ambiri ankaona siketi zoterozo ngati kusakaza nsalu anthu akusowa, ndipo ku America kunabadwa magulu a amayi okana kutalikitsa siketi zawo. Coco Chanel atabwereranso pa ntchito mu 1954 anasoka masuti omasuka, oti mzimayi n'kupuma bwino. Ku America komweko Claire McCardell ankasoka madiresi a thonje okhala ndi matumba akuluakulu, oti munthu n'kugwira nawo ntchito. Ndikutchula anthuwa kuti tione kuti ngakhale nthawi imeneyo kunalibe sitayilo imodzi, ndipo amayi ankakangana za kutalika kwa siketi monga tikukanganira ife lero.

Kwathu kuno zinafika m'njira yakeyake. Magazini ya Drum, imene inayamba mu 1951 ku South Africa, inkasindikiza zithunzi za oimba ngati Dolly Rathebe, Miriam Makeba ndi Dorothy Masuka atatchena madiresi a nthawiyo. Abambo amene ankapita ku Joni kudzera ku Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito za m'migodi, kapena ku Salisbury (Harare ya lero) ndi ku Bulawayo, pobwera ankanyamula nsalu, nsapato, ena mpaka makina osokera. Kumasukulu a mishoni atsikana ankaphunzira kusoka. Koma tisanamizane kuti agogo athu onse ankavala chonchi. Ambiri kumudzi ankavala biriwita ndi chilundu, ndipo diresi inali ya aphunzitsi, anamwino, akazi a makalaliki ndi amene amuna awo anabwera ndi kangachepe kuchokera kunja. Munthu akakhala ndi diresi imodzi yabwino ankaisamala ngati chuma, ndipo kasokedwe kake kankaganizira zimenezo.

Apa ndiye pagona nkhani yanga. Ndimasunga diresi imodzi ya azakhali, yobiriwira ya timadontho toyera, imene anadzisokera ali mtsikana. Wophunzira aliyense wobwera kwa ine ndimamutembenuzira diresi imeneyi kuti aone m'kati. Mpendero wake ndi wa mainchesi 3, wosokedwa pamanja, moti kunja ulusi suoneka. M'misoko ya m'mbali anasiyamo nsalu yokwana inchi yathunthu mbali iliyonse, ndipo pakuoneka mizere iwiri ya timabowo ta singano pamene anaikulitsa atabereka, n'kudzaichepetsanso pambuyo pake. Zipi ndi yachitsulo, ili m'mbali kumanzere pansi pa khwapa. Madati a pachifuwa, timapindo tosokedwa kuti chovala chitsate thupi, analoza pamalo pake penipeni. M'chiuno m'kati muli kalamba kolimba kamene kamanyamula kulemera kwa siketi kuti isakoke chakumtunda. Mabowo a mabatani anapendedwa pamanja limodzilimodzi. Diresi imeneyi inasokedwa kuti ikule ndi mwini wake, ndipo inakuladi naye.

Tsopano tengani imodzi mwa zimene zikubwera zosokeratu, zimene atsikana akuitanitsa pa intaneti kapena kugula m'mashopu a m'tauni. Pachithunzi imakongola, koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Nsalu yake ndi ya nayiloni yopyapyala, yosalowa mphepo. Msoko anaudula mpaka pa ulusi, moti ukaphulika palibe pogwira. Mpendero ndi kamzere chabe. M'chiuno anaikamo lasitiki kuti ikwane aliyense, ndiye siikhala bwino pa wina aliyense. Ikachapidwa kangapo imabwera kwa ine kuti ndiikonze, ndipo nthawi zambiri ndimaibweza chifukwa mulibe nsalu yokonzera. Mwezi wa October, dzuwa likuswa mtengo, mtsikana atavala imeneyi pa ukwati amakhala ali thukuta kamukamu asanafike n'komwe pa perekaniperekani. Mawonekedwe a 1950 alipo, koma chimene chinkapatsa madiresi aja ulemu mulibe.

Chitenje cha thonje chimaikhala bwino sitayilo imeneyi kuposa nsalu ina iliyonse imene ndagwirapo. Chili ndi thupi, chimaima chokha, moti siketi imatambalala popanda pitikoti yaukonde ija yokanda miyendo. Koma chimafuna masamu pang'ono, ndipo apa anzanga ambiri amathamanga. Tinene kuti chiuno ndi mainchesi 30 ndipo siketi ikufunika kutalika mainchesi 28. Kuti mudule siketi yozungulira yathunthu, gawani chiunocho ndi 6.28, mupeza mainchesi pafupifupi 4 ndi makota atatu. Umenewo ndiye mtunda wochoka pakona ya nsalu yopindidwa pakati mpaka pamzere wa chiuno. Mukaphatikiza ndi kutalika kwa siketi zikukwana pafupifupi 33, ndiye theka la siketiyo likufuna nsalu ya mainchesi 66 m'litali ndi 33 m'lifupi, kuwonjezerapo ya misoko ndi mpendero. Chitenje cha mamita awiri chimatulutsa theka limodzi bwinobwino, n'kutsala ya lamba ndi matumba. Choncho siketi yokha imadya zitenje ziwiri, ndipo ngati ndi diresi pafunika chachitatu cha kumtunda ndi manja. Kasitomala akabwera ndi chitenje chimodzi ndi theka n'kumafuna siketi ya pachithunzi, telala woona mtima amuuze poyera kuti sizitheka, osati kulandira ndalama n'kumusokera chinthu cholendewera.

Musanadule, chapani chitenjecho m'madzi ozizira kuti sitachi ya kufakitale ichoke ndipo ngati n'chofota chifoteretu. Mukalumikiza siketi musathamangire kupenda. Ipachikeni tsiku limodzi kapena awiri, chifukwa mbali zimene zadulidwa mopingasa ulusi zimatamuka n'kutalika kuposa zinzake. Kenako mwini wake aivale, atavala nsapato zimene adzayendere, inu muyeze kuchokera pansi n'kulemba ndi choko kuzungulira konse. Siketi zambiri zimene ndimaziona m'maukwati, zokwera kutsogolo n'kugwa m'mbali, vuto lake ndi lomweli basi.

Yang'ananinso maluwa a chitenjecho. Siketi yozungulira imatembenuza zojambula: mbalame imene yaima bwino kutsogolo, m'mbali imagona chammbali. Ngati chitenje chili ndi zojambula zoyang'ana mbali imodzi, kapena chili ndi mzere wokongola m'mphepete, musachidule mozungulira. Chisiyeni chowongoka, muchikwinye m'chiuno kapena mupinde mapindo akuluakulu, mzere uja ugwere kumpendero. Madiresi ambiri a m'ma 1950 anali otere, ndipo amadya nsalu yochepa.

Nanga tivale bwanji kuti tisaoneke ngati tikupita kukachita sewero? Ine ndimati tengani chinthu chimodzi chakale, zina zonse zikhale za lero. Siketi yotambalala ya chitenje ivalidwe ndi tisheti yoyera wamba ndi nsapato zafulati kapena matenesi. Diresi ya kolala ndi mabatani kutsogolo, yokhala ngati shati yotalika yomanga lamba, imalowa mu ofesi, kutchalitchi ndi kumsika komwe, ndipo mayi woyamwitsa amaiyamikira. Bulauzi yogwira m'chiuno ya manja ofika m'chigongono imakhala bwino pa jinzi. Tsitsi likhale lanu, loluka kapena lometa, kapena mangani duku monga timangira kuno. Magolovesi asiyeni, ndi a mayiko ozizira. Mukaphatikiza zonse, chipewa, mikanda yoyera, gogoda, milomo yofiira ndi tsitsi lopotana, anthu amaona chithunzi cha pa foni chikuyenda, osati inuyo.

Chiuno cha pachithunzi chija musachisirire. Amayi amene ankaonetsa zovala za Dior ankamanga zomangira zolimba m'kati, ndipo majekete ena ankaikidwa zotukula m'mbali kuti chiuno chioneke chaching'ono. Atsikana ena amandipempha kuti ndichepetse mainchesi awiri pa muyeso wawo, akuti adzadziletsa kudya mpaka tsiku la ukwati. Ndimakana. Poyesa diresi ndimamuuza munthu kuti akhale pampando, awerame ngati akutola chinthu pansi, akweze manja ngati akufikira pashelefu. Ngati sangathe zimenezi, diresiyo sinathe. Ndipo musamve zoti sitayilo imeneyi ndi ya oonda okha. Amayi athupi ndi amene imawakhala kwambiri, chifukwa imagwira pamalo amodzi pokha, pamwamba pa mchombo, kwina konse n'kumasuka. Chofunika n'kupeza pamene chiuno cha munthuyo chili, osati pamene telala akuganiza kuti chiyenera kukhala.

Tikumbukenso mmene timayendera. Amayi a pa zithunzi zija sankakwera kabaza. Siketi yozungulira yathunthu ikhoza kukodwa mu sipoko kapena mu tcheni, ndipo pa njinga yamoto mphepo imaikweza. Wa maulendo otere ndimamulangiza theka la yozungulira, imene imagwa bwino koma yosauluka, ndipo imadya nsalu yochepa. Siketi yowongoka yothina kumunsi, imenenso ndi ya nthawi yomweyo, imafuna pindo kapena mpata kumbuyo, apo ayi simukwera nayo minibasi popanda kung'amba msoko. Matumba ndimaika m'siketi iliyonse, akuya oti foni n'kulowa yonse, ndipo ndimawamangirira ku lamba kuti kulemera kwa foni kusakoke siketi mbali imodzi. Lainingi, nsalu ija yoika m'kati, ikhale ya thonje lopepuka. Kuika lainingi ya nayiloni m'kati mwa chitenje n'kuononga ubwino wonse wa chitenjecho.

Ku kaunjika nakonso kumapezeka zabwino kwa wodekha. Za m'ma 1950 zenizeni n'zosowa kwambiri, koma madiresi a zaka za pambuyo pake otengera sitayilo yomweyo amatuluka m'mabelo. Tembenuzani muone m'kati, gwirani nsalu, yang'anani m'khwapa ngati simunaole, ndipo nambala ya saizi musaikhulupirire chifukwa manambala akale ndi a lero sagwirizana. Yendani ndi tepi. Diresi yaikulu pang'ono telala akhoza kuichepetsa, koma yaing'ono isiyeni pomwepo ngakhale itakongola bwanji.

Tsopano ndifike pa zimene zandipangitsa kugwira cholembera. Kangapo konse ndamva abambo, ngakhale amayi anzanga, akuyamikira mtsikana wovala diresi yotere ndi mawu akuti, "Eya, kumeneko ndiye kuvala. Kale akazi ankadzilemekeza. Lamulo lija likanangobwerera." Mawu amenewa amandiwawa mumtima. Achinyamata ambiri sadziwa kuti mu 1973 dziko lino linakhazikitsa lamulo la kavalidwe, Decency in Dress Act, limene linkaletsa akazi kuvala mathalauza ndi masiketi osaphimba maondo pagulu. Ngakhale alendo ochokera kunja ankauzidwa za lamuloli polowa m'dziko. Amuna nawonso ankaletsedwa tsitsi lalitali. Lamuloli linachotsedwa pamene dziko linkalowa m'ndale za zipani zambiri, pambuyo pa referendamu ya 1993. Ife amene tinakula nthawi imeneyo tikukumbuka kuti mtsikana akatalika msinkhu mofulumira, mayi ake ankathamangira kumasula mpendero, osati chifukwa cha kukongola koma chifukwa cha mantha. Azakhali ankandiuza kuti poyeza siketi ya kasitomala ankawonjezera inchi imodzi mwakachetechete, kuopa kuti munthu angakapeze mavuto panjira n'kudzawaloza chala.

Ndipo maganizo amenewo sanafe ndi lamulolo. Mu January 2012 amayi anavulidwa ndi kumenyedwa m'misewu ya ku Lilongwe ndi ku Blantyre chifukwa chovala mathalauza ndi masiketi aafupi. Amayi anasonkhana ku Blantyre kudzudzula nkhanzazo, ambiri atavala mathalauza dala, ndipo Pulezidenti Bingu wa Mutharika ananena poyera kuti akazi ali ndi ufulu wovala zimene akufuna. Amene anavula anzawo tsiku limenelo ankadziona ngati oteteza chikhalidwe. Chikhalidwe chake chiti chimene chimavula mayi pamsika?

N'chifukwa chake sindifuna kuti diresi imene ndimaikonda chonchi isanduke chikwapu chokwapulira mtsikana wovala jinzi. Makasitomala anga ambiri amavala diresi yotambalala Lamlungu, Lolemba n'kuvala thalauza kupita ku ntchito, Loweruka n'kumanga chitenje kupita kumaliro. Munthu wake ndi yemweyo, ndipo ulemu wake susintha ndi tsiku. Siketi yofika pa katumba imene mayi wasankha yekha, atayang'ana pagalasi n'kukondwa, si yofanana ndi imene wavala poopa apolisi kapena anyamata a padepoti, ngakhale zitakhala zotalika mofanana. Ndiponso amene amati m'ma 1950 akazi onse ankavala zazitali sakudziwa kuti m'zaka zomwezo ku America ndi ku Ulaya amayi ankavala mathalauza othina ofika pa katumba, ndipo nawonso ndi mbali ya fashoni yomweyi. Mtsikana akandibweretsera chithunzi cha thalauza lotero ndimamusokera mokondwa, la chitenje, ndi zipi m'mbali.

Kwa makasitomala ndili ndi pempho. Diresi ya mtundu umenewu siisokedwa tsiku limodzi. Pali kuchapa nsalu, kudula, kuyesa koyamba, kupachika, kuyesa kachiwiri, kupenda pamanja mpendero umene pa siketi yozungulira umapitirira mamita 5, ndi kusita msoko uliwonse ukangosokedwa, nthawi zina ndi simbi ya makala magetsi akazima. Bweretsani nsalu kudakali milungu itatu, osati Lachitatu ukwati uli Loweruka. Ndipo musayembekezere kulipira mtengo wofanana ndi wa siketi ya misoko iwiri. Telala akapanikizidwa pa nthawi ndi pa mtengo, choyamba kutaya ndi zomwe zija zosaoneka kunja: kalamba ka m'kati, nsalu yotsala m'misoko, mpendero wakuya. Mukatero mwagula yofanana ndi ya m'shopu ija, kungoti yasokedwa pafupi.

Kwa anzanga osoka, makamaka achinyamata amene akutuluka m'masukulu a ntchito zamanja: phunzirani kujambula patani papepala. Ambiri tinazolowera kulemba ndi choko pansalu pomwepo n'kudula, ndipo pa siketi wamba zimatheka. Koma kumtunda kwa diresi ya 1950 kumafuna madati olondola, ndipo patani ya munthu mmodzi mukaisunga, ulendo wina simuyambanso pachiyambi. Mapepala a matumba a simenti, mukawapukuta bwino n'kuwasita, amagwira ntchito imeneyi. Lembanipo dzina la kasitomala ndi tsiku, muwapachike pamsomali.

Pomaliza, a Mkonzi, pempho langa kwa inu ndi ili. Zithunzi zimene atsikana akubwera nazo pafupifupi zonse ndi za ku Paris, London ndi New York, chonsecho m'masutikesi ndi m'maalubamu a m'nyumba zathu muli zithunzi za maukwati, ubatizo ndi za mu situdiyo za m'ma 1950 ndi 1960, za amayi a ku Blantyre, Zomba, Likoma, Livingstonia ndi Nkhoma atavala madiresi osokedwa ndi matelala a konkuno. Ku National Archives kuno ku Zomba ndi ku laibulale ya Society of Malawi ku Mandala kumasungidwanso zithunzi zakale. Tsegulani kadanga m'nyuzipepala yanu, ngakhale kamodzi pamwezi, owerenga azitumiza zithunzi zoterezi ndi chilolezo cha abale, azinena chaka, malo, ndi amene anasoka ngati akudziwika. Musindikize zazikulu ndithu, kuti ife osoka tizitha kuona kolala, manja ndi mmene anakwinyira m'chiuno.

Ine wanu,
Mayi telala
Zomba